Mlongo wanga ankadziwa kuti damu liphulika

Abusa, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, achinyamata, nonse ndakulonjerani. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndiyankhula Chichewa cha makolo anga, chifukwa zimene zili mumtima mwangamu m'Chishona sizituluka bwino. Ana inu kumbuyoko, ndikudziwa kuti mumamva ngakhale mumatiyankha m'Chishona, ndiye khalani chete mumve. Mawu akandithera pakamwa, mundidikire, ndipitiriza.

Ambiri a inu mwandidziwira kuno ku Waverley, mumangoti mai Tendai ogulitsa tomato pokwerera makombi. Koma ine si wa m'tauni ayi. Ndinabadwira mu komboni, pa famu ina pakati pa Kadoma ndi Chegutu, kufupi ndi mtsinje wa Muzvezve. Bambo anga anachokera ku Dedza, anayamba ntchito ku mgodi, chifuwa chitawavuta anasamukira ku famu. Manda awo ali komweko, a amayi anganso ali komweko. Famu ija itagawidwa, anzathu ena anali ndi kwawo kopita. Nanga ife tikanapita kuti? Ku Malawi phazi langa silinapondeko. Tinatsala mu komboni momwemo, ntchito palibe, munda palibe.

Chimene chinatisunga, abale, ndi damu. Kadamu kakang'ono chabe, khoma lake la dothi, pa kamtsinje kamene kamakathira mu Muzvezve. Kumunsi kwa khomalo tinalima madimba. Repu, kovo, tomato, anyezi, tinkanyamula kukagulitsa kumsewu, ena mpaka ku Chegutu, ena kuno. Ng'ombe za alimi atsopano amene anagawiridwa famu ija zinkamwa pomwepo. Ndiwo zikasowa, abambo ankapita ndi mbedza. Ana anga anaphunzira sukulu ndi madzi a damu limenelo, ndipo ine ndemwe ndinabatizidwira momwemo. Chilimwe chikafika mitsinje yonse n'kuuma, ife tinkathirira ndithu.

Malamulo a damu aliyense ankawadziwa, ngakhale mwana. Pakhoma sipakumbidwa. Mtengo ukamera umazulidwa udakali waung'ono, chiswe chikayamba kumanga chulu timachithamangitsa, ng'ombe sizikwerapo. Ndiye chakumapeto kwa khoma kunali ngalande yotakata yotulukira madzi damu likadzaza, imene tinkaitcha sipiliwe. Imeneyo siitsekedwa. Mukaitseka, madzi amadzifunira okha njira, ndipo njira yake amaipeza pakhoma.

Tsopano ndinene za mlongo wanga Finiyasi. Abusa, pamenepa ndi pamene pamandiwawa.

Amayi anamwalira Finiyasi asanayambe n'kuyenda komwe. Ine ndinasiya sukulu. Ndinamubereka kumsana uku, ndinkamuphikira phala, akadwala ndinkayenda naye pansi mpaka kukiliniki. Pa ukwati wake ndine ndinakhala pampando wa mayi. Sankatha masiku osabwera kudzadya kwathu, ndipo bambo a kwathu, bambo a Tendai, ankamutenga ngati mwana wawo woyamba. Ndiye anthu atafuna munthu woyang'anira damu, alimi atsopano ndi ife a mu komboni tinagwirizana pa Finiyasi. Anamupatsa kiyi wa mpopi waukulu wotsegulira madzi a kumadimba, ntchito yake ikhale kuyendera khoma ndi kutichenjeza akaona chachilendo. Tsiku limenelo ndinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Ndinati mwana wa mu komboni wakhulupiriridwa.

Kenaka kunabwera makorokoza, anyamata okumba golide aja, ochokera cha ku Gadzema. Anati golide wadutsa pansi pa khoma lathu, tiwalole akumbe pang'ono. Tinaitana msonkhano, tonse tinakana. Ndipo amene anakana mokweza kuposa wina aliyense anali Finiyasi. Anaimirira n'kudziguguda pachifuwa, amvekere: "Wofuna kukumba pano ayambe wandikwirira ine." Anthu anaomba m'manja. Anyamata aja anachoka, ife tinkati apita.

Posakhalitsa Finiyasi anatchinga ndi minga tsidya lija la khoma, kumene kuli tchire, ati ng'ombe zikuwononga, munthu asadutseko. Tinati wachita bwino. Kenaka anaunjika matumba a mchenga pa sipiliwe, ati chaka chino mvula ikhala yochepa, tisunge madzi ambiri, ikachuluka achotsa yekha. Ena anang'ung'udza, koma ambiri anati mnyamatayu amaganiza zamawa. Anayamba kuyenda pa njinga yamoto yatsopano, ati mnzake wamubwereka. Ine ndinkangosangalala kuti mlongo wanga zikumuyendera.

Dimba lathu linali loyamba, lotsamira khoma penipeni. Ndinayamba kuona kuti patsinde pa khoma pakunyowa, pamalo pamene kale panali pouma gwa. Kenaka timadzi tinayamba kutuluka, poyamba toyera, pambuyo pake tofiira ngati tiyi wamkaka. Tsiku lina Finiyasi atabwera kudzadya sadza, nsima yathu ija, ndinamufunsa.

"Finiyasi, madzi ofiira aja akuchokera kuti?"

Anaseka. "Achemwali, damu lililonse limachita thukuta. Musade nkhawa."

Bambo a Tendai anati, "Alamu, bwanji mawa tipitire limodzi kuseri kwa minga kuja, tikangoona?"

Abale, mlongo wanga anasiya kudya. Anasamba m'manja, misozi ili lengelenge m'maso, n'kunena kuti, "Alamu, mukundikayikira? Achemwali awa ndi mayi anga. Ine ndingalole kuti madzi awakokolole?"

Bambo a kwathu anachita manyazi. Anapepesa. Mukundimva, amayi anzanga? Anapepesa! Ine ndinamuwonjezera ndiwo m'mbale kuti mtima wake ukhale pansi.

Mvula itayandikira, Finiyasi anatenga mkazi wake ndi ana kukawasiya kwa apongozi ake ku Chegutu, ati mkaziyo akudwaladwala, akhale pafupi ndi chipatala. Mbuzi zake anakazisungitsa kwa mnzake kumtunda. Injini yake yopopera madzi, imene inkakhala ku dimba, anaichotsa, ati yawonongeka. Ine amene ndikuyankhulane ndinawathandiza kumanga katundu, ndinawaphera nkhuku ya paulendo, ndinawaperekeza mpaka kumsewu. Palibe chimene ndinaganiza. Munthu amene unamubereka kumsana, ungamuganizire chiyani?

Mvula inagwa yambiri kumtunda masiku angapo osalekeza. Tsiku la tsokalo kunacha bwino, dzuwa linatuluka. Ana anapita kusukulu. Bambo a Tendai anatsikira ku dimba kukadzutsa tomato amene mvula inagwetsa, ine ndinatsala pakhomo ndikuyanika zovala. Nyumba yathu inali pamtunda pang'ono. Ndinangomva chimkokomo, ngati lole ikukhuthula miyala, koma osasiya ayi, chikungokulirakulira. Mayi wina anakuwa m'Chishona, "Dhamu raputika! Tizai!" Damu laphulika, thawani.

Anthu ankathawira kumtunda, ine ndinkathamangira kumunsi. Anachita kundigwira chitenje. Ndinaima pachulu ndikuona madzi ofiira akudutsa pamene panali madimba athu, atanyamula mitengo, mipanda, malata, ng'ombe miyendo ili m'mwamba. Nyumba zimene zinali kumunsi zinapita. Dimba lathu silinkaonekanso, bambo a kwathu sankaoneka. Ndinaitana dzina lawo, dzina lawo lenileni limene sindinalitchulepo pagulu chikwatiwire changa, ndinaitana mpaka kukhosi kuuma.

Madzi atatsikako, abambo anayenda m'mbali mwa mtsinje akufufuza. Dzuwa litapendeka anawapeza kumunsi kwambiri, atakodwa m'nthambi za mkuyu, mwendo utapanikizika pakati pa mtengowo ndi chipika chimene madzi anabwera nacho. M'kamwa munali matope okhaokha. Ndinawachotsa ndi chala changa ichi, ndipo anatsokomola. Anapuma, abale! Aleluya! Tinawakweza pa ngolo mpaka kumsewu wa tala, kombi ina inatsitsa anthu n'kutitengera kuchipatala. Madokotala anayesetsa, koma mwendo sunapulumuke. Anaudula m'munsi mwa bondo.

Zikanathera pamenepo, bwenzi ndikuti inali ngozi, Mulungu watipulumutsa, basi. Palibe munthu anafa tsiku limenelo, ana onse anali kusukulu, ndipo pa chimenecho ndimagwada mpaka lero. Koma chimene chinanditsala pang'ono kundipha ine si madzi.

Ndili kuchipatala kusamalira wodwala, mnzanga wina wa mu komboni anandiimbira foni. Anati kwabwera apolisi ndi akuluakulu oona za madzi, achititsa msonkhano, afunsa woyang'anira damu kuti chinachitika n'chiyani. Ndiye Finiyasi waimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti alamu ake ndi amene ankakumba pansi pa khoma kuti alowetse paipi yobera madzi, iye anawaletsa koma sanamve. Ndinati mwina sindikumva bwino, foni ikuvuta. Ndinamuuza mnzangayo abwereze. Anabwereza. Ndinakhala pansi pakhonde la chipatala.

Ndipo anthu anakhulupirira. Akanalekeranji? Dimba lathu ndi limene linali pafupi ndi khoma, ndipo wonenayo anali m'bale wathu weniweni. Nditabwerera kukatenga zovala ndinapeza chitseko chathu chitaswedwa ndi miyala, ana anga atabisala kwa aneba. Anthu amene ng'ombe zawo zinapita, amene nyumba zawo zinagwa, anandizungulira. Amene ankatsogolera anali a Moyo, bambo amene tinakhala nawo bwino zaka zonsezi, mkazi wawo ndinamuthandiza pobereka. Tsiku limenelo ankakuwa kuti, "Mabhurandaya, dzokerai kwamakabva!" Akuluakulu muli muno mukulidziwa dzina limenelo lonyozera ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, mukudziwa mmene limalasira. Tibwerere kumene tinachokera. Ine ndinachokera kuti? Mchombo wanga unakwiriridwa mu komboni momwemo.

Ndinamufunafuna Finiyasi, ndinamupeza pagolosale atakhala pa njinga yake ija. Ndinati, "Finiyasi, tandiyang'ana."

Sanandiyang'ane. Ankangokanda tanki ya njinga ndi chikhadabo. Kenaka anayankhula motsitsa: "Achemwali, mvetsani. Ndikanena zoona andimanga, apo ayi anyamata aja andipha. Koma alamu, munthu wodulidwa mwendo, ndani angawatsekere m'ndende? Angowakhululukira."

Ndinati, "Anyamata ake ati?"

Anati, "A golide aja. Sanapite. Ankakumba kuseri kwa minga. Matumba aja anali oti madzi akwere, azitsukira dothi lawo pafupi."

"Ndiye unkadziwa?"

Anapitiriza kukanda tanki ija.

"N'chifukwa chake unachotsa mkazi wako ndi ana ako? Ndi mbuzi zomwe?"

Anati, "Ndimayesa lipirira mpaka mvula ithe."

Ndinati, "Mbuzi zako unazikumbukira. Nanga ine? Nanga ana anga? Nanga alamu ako amene ankapita ku dimba tsiku ndi tsiku iwe ukuwaona?"

Analiza njinga, n'kunyamuka. Ndinatsala ndekha pagolosale, fumbi lili m'maso.

Abale, munthu wakunja akakulakwira umalira n'kupukuta misozi. Koma uyu ankadya m'mbale mwanga akudziwa kuti pansi pa khoma pali dzenje. Anandiyang'ana m'maso n'kunditcha mayi wake akudziwa. Analandira nkhuku yanga ya paulendo akudziwa. Mawu amodzi okha akanakwana, akanangoti achemwali, sabata ino musatsikire ku dimba. Sakanafunika n'kufotokoza komwe. Sananene.

Ndinawauza anthu zimene anandiuza, koma ndani akanamvera mkazi woikira kumbuyo mwamuna wake? Anati ndikufuna kupachika mlongo wanga kuti ndipulumutse banja. Ndinatenga ana ndi timabulangete, tinakwera kombi, tinafika kuno ku Waverley osadziwa kogona. Mayi wina wa mpingo uno, sindiwatchula, akudzidziwa okha, anatipatsa kachipinda kuseri kwa takishopu yawo, kagolosale kawo kaja. Anandipatsa dengu la tomato kuti ndiyambire. Mulungu akudalitseni, mayi, akudalitseni pamodzi ndi ana anu.

Kuchipatala bambo a Tendai ankandifunsa, "Kodi alamu sanabwere? Mwina akudziimba mlandu, ukawauze asadandaule, ndi madzi awa." Ndinkatuluka panja kukalira. Atapezako mphamvu ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anangotembenukira kukhoma, anakana chakudya, anakana kuyankhula. Munthu amene madzi analephera kumupha, ndinkamuona akutha ndi mawu a mlamu wake. Atatuluka m'chipatala ankangokhala m'kachipinda kaja, akamva galimoto ikuima panja ankati apolisi abwera.

Abusa, masiku amenewo pemphero langa linali lalifupi. Ndinkagwada, mawu osabwera. Ndinkangoti, "Mulungu, munalipo. Munaona. Yankhulani ndinu, ine palibe akundimva." Amayi a mpingo uno ankabwera kudzapemphera nane Lachinayi, iwo akuimba, ine ndili duu. Koma sanatope nane.

Ndipo Mulungu anayankhula. Aleluya! Mvula itatha matope n'kuuma, anthu a pa famu anatsikira pamene khoma linagumuka kukatola mapaipi ndi malata. Pamenepo anapeza kukamwa kwa dzenje, lochirikizidwa ndi mitengo ngati mmene amachitira ku migodi, lochokera kuseri kwa minga kuja n'kulowa pansi pa khoma. M'katimo munali mafosholo, matumba a miyala, ndi tochi ya pachipumi. Mbali ya dimba lathu sanapeze paipi ngakhale imodzi. Anapita pa sipiliwe, anapeza matumba a mchenga akadali pomwepo, madzi sanadutsepo n'komwe. Ali mkati modabwa, mmodzi wa anyamata a golide aja anabwerera mozemba kudzafukula injini yawo. Anamugwira, ndipo anaulula zonse pamaso pa apolisi: amene anawaonetsa pokumba, amene ankawalondera, amene ankalandira gawo lake golide akatuluka. Anthu atathamangira kunyumba kwa Finiyasi anapeza chitseko chili pululu. Mpaka lero sitikudziwa kumene ali. Ena amati ali ku migodi ya kutali, ena amati anawoloka malire.

A Moyo anabwera kuno ku Waverley, anafunsira nyumba mpaka anatipeza. Bambo wamkulu, wa imvi, anavula chipewa n'kugwada pakhomo pa kachipinda kaja. Anati, "Baba vaTendai, takatadza." Tinalakwa. Bambo a kwathu anawayang'ana, kenaka anati, "Dzukani a Moyo, inenso ndinamukhulupirira." Tsiku limenelo anadya sadza mbale yonse.

Pano ndikuyankhula khoma likumangidwanso. Anthu akunyamula dothi ndi ngolo, oona za madzi akuwalangiza, sipiliwe aikuza. Agwirizana kuti damu lisadzakhalenso m'manja mwa munthu mmodzi: azidzayendera khoma ambiri mosinthana, amayi ndi abambo, ndipo pasadzakhale mbali imene munthu akuletsedwa kuona. Dimba lathu atisungira, atiuza kuti tibwerere. Inu amene muli ndi abale kumafamu ndi kumaruzevha, kumidzi kuja, kawauzeni: akaona madzi ofiira akutuluka patsinde pa khoma, asafunse munthu mmodzi n'kukhala pansi. Apite akaone ndi maso awo, aitane ena, achotse ana kumunsi.

Chatsala chimodzi. Mwezi wathawu ndikuchokera kumsika ndinapeza mayi atakhala pakhomo pathu, ana atatu atamuzungulira, kachikwama kali pambali. Anali mkazi wa Finiyasi. Kwawo anamuthamangitsa chifukwa cha manyazi, mwamuna sanatumizepo ngakhale uthenga. Analumbira kuti iye sankadziwa kanthu. Kaya n'zoona, kaya si zoona, akudziwa ndi Mulungu. Ine mtima unawira, ndinaima ndi dengu pamutu. Kamwana kakang'ono kanadzutsa mutu, nkhope yake ndi ya Finiyasi yeniyeni. Ndisanatsegule pakamwa, ndinamva mawu kuchokera m'nyumba. Bambo a Tendai anati, "Mai Tendai, alowetse. Anawa sanakumbe dzenje." Analowa. Tikugona mothinana, koma tikugona. Ndi awo akhala ndi ana anga kumbuyoko.

Abusa, musandifunse lero ngati ndamukhululukira mlongo wanga. Ndili m'nyumba ya Mulungu, sindinama. Bala likadali laliwisi. Chimene ndingathe panopa n'kutchula dzina lake popemphera, kuti kumene aliko asafe asanalape. Kwinako mundithandize kupemphera.

Koma ndaima pano kudzathokoza. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga ana onse kusukulu tsiku lija. Ndikuthokoza Mulungu amene anaika mkuyu pamene madzi ankadutsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anayeretsa dzina la mwamuna wanga pamene ine ndinalibe mboni. Zikomo Yesu, zikomo Ambuye. Ndipo sabata yathayi kuchipatala anawapatsa mwendo woikirira. Lero m'mawa akana kombi, ati kutchalitchi ndipita ndekha. Ayenda pansi kuchokera kunyumba mpaka pakhomo ilo, akupumira m'njira, thukuta lili kamukamu, koma afika.

Bambo a Tendai, taimirirani abale akuoneni. Musawagwire, asiyeni, aima okha. Ndi amenewo! Amayi anzanga, nthungululu zili kuti? Achinyamata, ng'omayo ilire! Imirirani nonse, sangalalani nane, tiwathokoze Ambuye. Aleluya! Ameni.